Dracula pakati pa ngwazi za m'makomiki: malamulo ake, ndi pamene olemba amapunthwa

M'kope loyamba la komiki ya Tomb of Dracula, la mwezi wa Epulo 1972, mkulu wina dzina lake Clifton Graves amagwera m'chipinda chapansi pa chinyumba chakale cha malinga ku Transylvania. Kumeneko akupeza bokosi la maliro. M'bokosimo muli mafupa okhaokha, ndipo pakati pa nthiti pazikika chikhomo chamtengo. Iye, mutu uli pa ndalama zimene adzapeze kwa alendo odzaona malo, akugwira chikhomo chija n'kuchizula. Kwatha. Mnofu ukubwerera pa mafupa, Dracula wadzuka.

Kachitidwe kakang'ono kameneka kakukwanira kufotokoza nkhani yonse. Vampaya wachikale, wamtundu wa m'buku la Bram Stoker la 1897, ndi cholengedwa cha malamulo. Amagona m'bokosi mokhala dothi lakwawo. Salowa m'nyumba ya munthu asanaitanidwe. Saoneka pagalasi. Amathawa adyo ndi mtanda. Amasanduka mleme, mmbulu kapena nkhungu. Chimene chimaopsa owerenga si mphamvu zake ayi, koma kuti anthu wamba ayenera kudziwa malamulowa bwinobwino ndi kuwatsata osaphonya ngakhale limodzi, apo ayi kukacha m'nyumbamo muli maliro. Tsono mukamutenga vampaya wotereyu n'kumuika m'dziko la Superman, Thor ndi Doctor Strange, kumene anthu amanyamula mapiri ndi kuitana mphezi, malamulo aja amayamba kusweka. Nkhani zabwino pa gululi ndi zimene wolemba anakhala pansi n'kuganiza lamulo lililonse palokha. Zolephera ndi zimene anangoti mano ndi magazi zikwana.

Mawu amodzi pa dzina. Ndikulemba kuti vampaya, osati namapopa, mwadala. Anamapopa a mphekesera zimene zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe mu 2017 ankanenedwa kuti ndi anthu amoyo opopa magazi ndi zipangizo. Vampaya wa ku Ulaya ndi mtembo woyenda wa m'nthano, amene amaluma pakhosi ndipo wolumidwayo naye amasanduka. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, tisazisakanize.

Batman ndiye anayamba kukumana nazo. Mu Detective Comics nambala 31 ndi 32, za Seputembala ndi Okutobala 1939, Gardner Fox analemba za Monk, munthu wovala mkanjo wofiira ndi chophimba kumutu, amene anagoneka mutu Julie Madison, chibwenzi cha Bruce Wayne, amene ndiye Batman. Nkhaniyi imadutsa ku Paris n'kukathera ku Hungary. Mathero ake ndi odabwitsa kwa amene anazolowera Batman wa lero wodana ndi mfuti: amasungunula siliva n'kupanga zipolopolo, ndipo amawombera Monk ndi mnzake wamkazi Dala ali gone m'mabokosi awo. Muona apa kuti malamulo anali asanakhazikike. Siliva kwenikweni ndi mankhwala a munthu wosanduka mmbulu, ndipo Fox anangosakaniza zonse ziwiri mumphika umodzi. Komabe mfundo yofunika inalipo kale. Batman sanapambane ndi nkhonya. Anadikira nthawi imene mdani wake sangadzuke.

Kenako panadza zaka 17 za chete, kuyambira 1954 mpaka 1971. Mu 1954 dokotala wa zamaganizo Fredric Wertham anatulutsa buku lodzudzula makomiki kuti akuwononga ana, komiti ina ya Senate ya ku America inachita zokambirana zapoyera, ndipo makampani, poopa kuti boma liwaikira lamulo, anadzipangira bungwe lawo lotchedwa Comics Code Authority. Mwa zoletsedwa munali mavampaya, mitembo yoyenda, anthu odya anzawo ndi osanduka mimbulu. Kope lopanda chidindo cha bungweli ogulitsa ambiri ankalikana, choncho chiletsocho chinali ndi mano. Amene ankafunabe mavampaya anazemba m'njira ziwiri. Warren Publishing inkasindikiza magazini akuluakulu opanda mitundu, amene sankawerengedwa ngati makomiki a ana, ndipo Vampirella anatulukira kumeneko mu 1969. Dell Comics, imene sinalowe m'bungweli, mu 1966 inayesa kusandutsa Dracula kukhala ngwazi yovala zothina, mdzukulu wa Dracula weniweni amene anapeza mphamvu kuchokera ku mankhwala opangidwa ndi mileme, wodzibisa pa dzina loti Al U. Card. Anangotha makope atatu. Chifukwa chake n'chosavuta kuona: anamuchotsa ludzu la magazi, ndiye chinatsala ndi munthu wovala makutu a mleme basi.

Mu 1971 bungwe lija linafewetsa malamulo. Mavampaya analoledwa, bola alembedwe motsata mwambo wa mabuku akale olemekezeka monga Dracula ndi Frankenstein, amene amawerengedwa kusukulu. Mawu amenewa ndi ofunika kwambiri, chifukwa ndiwo anachititsa kuti vampaya wa m'makomiki a zaka za m'ma 1970 akhale wachikale, wa mkanjo ndi bokosi, osati china chatsopano. Mitembo yoyenda inatsalabe yoletsedwa, mwakuti kampani ya makomiki ya Marvel inkazemba poitcha "zuvembie".

Woyamba kulowa pa khomo lotsegukalo anali Morbius, mu Amazing Spider-Man nambala 101 ya Okutobala 1971, yolembedwa ndi Roy Thomas n'kujambulidwa ndi Gil Kane. Michael Morbius ndi katswiri wa sayansi amene analandirapo mphoto ya Nobel, wodwala nthenda yosowa ya m'magazi, amene podzichiritsa ndi mileme yoyamwa magazi komanso magetsi anadzisandutsa chilombo. Sanafe, n'chifukwa chake amatchedwa vampaya wamoyo. Mtanda ndi adyo sizimugwira. Kwa wolemba nkhani za Spider-Man ameneyu ndi wosavuta kugwiritsa ntchito, poti ali ngati adani ena onse a Spider-Man: wasayansi amene kafukufuku anamutembenukira. Koma mtengo wake ndi woti alibe malamulo oti owerenga aziwerengera. Mukamuchotsa kudandaula kwake, nkhani za Morbius zambiri zimathera pa kumenyana padenga.

Tomb of Dracula ndi nkhani ina. Inatuluka makope 70 kuyambira 1972 mpaka Ogasiti 1979, onse ojambulidwa ndi Gene Colan, zimene sizichitikachitika. Makope asanu ndi limodzi oyamba anagawana olemba atatu, Gerry Conway, Archie Goodwin ndi Gardner Fox yemwe uja wa 1939, ndipo amaoneka kuti sakudziwa kolowera. Marv Wolfman anayamba pa nambala 7 ndipo sanachokenso. Pojambula Dracula, Colan sanatengere nkhope ya Bela Lugosi kapena Christopher Lee, amene anasewera Dracula m'mafilimu. Anatengera ya Jack Palance, ya masaya otukuka ndi maso ang'onoang'ono. Vuto la pensulo ya Colan linali loti ankajambula ndi mithunzi yotuwa, yofewa ngati utsi, pamene makina osindikizira a nthawiyo ankafuna mzere wakuda woonekeratu. Wopaka inki wosamvetsa ankaphwanya zonse, nkhope n'kukhala zouma ngati zosemedwa pathabwa. Tom Palmer, amene anagwira ntchitoyi mosalekeza kuyambira nambala 12, ankamasulira mithunzi ija ndi timizere tating'onoting'ono komanso timapepala ta madontho tomata pachithunzi. Ikani nambala 10 pambali pa nambala 25, kusiyana kwake muona nokha.

Nzeru yaikulu ya Wolfman inali yosalola ngwazi zamphamvu kulowerera kawirikawiri. Osaka Dracula anali anthu ofooka: Quincy Harker, nkhalamba yoyenda pa njinga ya olumala, mwana wa Jonathan ndi Mina Harker a m'buku la Stoker, Rachel van Helsing ndi uta wake, Frank Drake, mbadwa ya Dracula yemweyo, munthu wosadzidalira, Taj Nital wa ku India, wosalankhula. Blade, amene anatulukira mu nambala 10 ya Julayi 1973, panthawiyo sanali munthu wamphamvu zodabwitsa monga mu filimu ya Wesley Snipes ya 1998. Anali munthu wamba wobadwira ku London, amene mayi ake analumidwa ndi Deacon Frost ali pobereka, ndipo chimene anapindula n'choti kulumidwa sikumusandutsa. Zida zake zinali mipeni yosemedwa ku mtengo wa teak, poti chitsulo wamba sichipha vampaya koma mtengo wolasa mtima. Mphamvu zazikuluzo makomiki anamuonjezera pambuyo pa filimuyo, pomulumitsa kwa Morbius mu 1999. Ine ndimaona kuti Blade wa mipeni yamtengo ndiye wokoma kuwerenga, chifukwa akaphonya kamodzi amatha kufa.

Nambala 25, ya Okutobala 1974, ndi phunziro la mmene malamulo amagwirira ntchito m'manja mwa mmisiri. Wofufuza milandu wina, Hannibal King, akusimba yekha za mlandu wa kuphedwa kwa munthu ku London. Pamathero m'pamene timauzidwa kuti nayenso ndi vampaya. Mukabwerera m'mbuyo mupeza kuti zizindikiro zinalipo, kuphatikizapo galasi limene iye saonekamo. Wowerenga wodziwa malamulo akanatha kuzindikira yekha. Ndiko kusewera mwachilungamo.

Tsono tione lamulo lililonse likakumana ndi ngwazi.

Dzuwa ndilo limavuta kwambiri. M'buku la Stoker dzuwa silipha Dracula, limangomuchepetsa mphamvu, ndipo amayenda masana m'misewu ya London. Kupsa ndi dzuwa kunabwera ndi filimu ya ku Germany ya Nosferatu mu 1922, ndipo makomiki anatengera zimenezo. Vuto ndi loti m'dziko la ngwazi kuwala kwa dzuwa kuli ponseponse. Mu Superman nambala 180 ya 2002, Dracula amagoneka mutu Superman, poti matsenga amamugwira ndithu, n'kumuluma pakhosi. Koma thupi la Superman limasunga mphamvu ya dzuwa ngati batire, ndiye zili ngati waluma dzuwa lenilenilo, ndipo akupsa. Ndi mathero anzeru, koma amagwira kamodzi kokha. Ukatero watseka khomo, vampaya aliyense wa m'makomiki a kampani ya DC sangamuopsezenso Superman. Olemba ena akhala akufuna njira zozembera lamulo la dzuwali. Baron Blood, vampaya mdani wa Captain America, Anazi anamuchita mankhwala oti azipirira dzuwa kwa kanthawi. Mu DC vs. Vampires ya 2021, ya James Tynion IV ndi Matthew Rosenberg, Hal Jordan, ngwazi yotchedwa Green Lantern, atasanduka amasefa kuwala koopsako ndi mphete yake yamphamvu. Mu Blood Hunt ya 2024, ya Jed MacKay ndi Pepe Larraz, thambo lonse la dziko limaphimbidwa ndi mdima wa mphamvu ina yotchedwa Darkforce. Mwa njira zitatuzi ya mphete ndiyo yabwino, chifukwa imachokera mu mphamvu imene munthuyo anali nayo kale, ndipo imasiya lamulo lili chilili kwa ena onse. Kuphimba thambo lonse kumachotsa chinthu chimene nkhani ya vampaya imadalira, kuwerenga maola otsala kuti kuche.

Mtanda unapeza yankho labwino koposa mu Uncanny X-Men nambala 159 ya Julayi 1982, ya Chris Claremont ndi Bill Sienkiewicz. Storm, mkazi wa m'gulu la ngwazi la X-Men, wapezeka m'kanjira ku New York ali ndi bala pakhosi. Pobwera kuchipatala akudana ndi kuwala, akudzitsekera m'chipinda. Kitty Pryde, mtsikana wamng'ono pagululo, ndiye akuyamba kuzindikira. Akukumana ndi Dracula atanyamula mtanda, koma mtandawo sukuchita kanthu, poti Kitty ndi Myuda. Dracula akumugwira pakhosi, ndipo dzanja lake likupsa ndi nyenyezi ya Davide imene mtsikanayo wavala m'khosi. Pambuyo pake Wolverine akupingasa zikhadabo zake ngati mtanda, osaphula kanthu, chifukwa sakhulupirira. Nightcrawler, Mkatolika wolimba, akuchita zomwezo ndi timitengo tiwiri, Dracula n'kubwerera m'mbuyo. Lamulo lake ndi ili: mphamvu ili m'chikhulupiriro cha wonyamulayo, osati m'kapangidwe ka chinthucho. Ubwino wake ndi woti ndewuyo ikutiuza za mitima ya anthu atatu, zimene ndewu ya nkhonya singathe. Yerekezani ndi Curse of the Mutants ya 2010, pamene Cyclops, mtsogoleri wa X-Men, anaitana wansembe kuti adalitse Iceman, amene amasanduka madzi oundana, kuti thupi lake lonse likhale madzi odalitsidwa. N'zoseketsa, ndipo ndinganame nditati sizikoma, koma apa dalitso lasanduka chida ngati bomba.

Chikhomo chili ndi masitepe ake, ndipo olemba abwino amawasunga. Kulasa mtima ndi mtengo kumangomugoneka vampaya. Kuti afe kotheratu uyenera kumudula mutu, ndipo osamala amawotcha mutu ndi thupi padera n'kumwaza phulusa. Ukasiya sitepe yachiwiri, aliyense wozula chikhomo wamuukitsa, monga anachitira Clifton Graves. Kwa kampani ya makomiki limeneli ndi dalitso, chifukwa mdani wogulitsa mabuku amatha kufa ndi kubwerera popanda kunamiza owerenga. Roger Stern ndi John Byrne anagwiritsa ntchito sitepe yachiwiriyi mwaluso mu Captain America nambala 253 ndi 254, kumayambiriro kwa 1981. Baron Blood, dzina lake lenileni John Falsworth, amene Roy Thomas ndi Frank Robbins anamuyambitsa mu Invaders nambala 7 ya 1976, ndi mng'ono wake wa Union Jack woyamba, ngwazi ya ku Britain, ndipo anagwirira ntchito Germany pa nkhondo zonse ziwiri. Wabwerera kumudzi kwawo ku England akudzibisa ngati dokotala. Captain America, munthu amene amapewa kupha, akudziwa kuti kumumanga sikuthandiza, ndipo akumudula mutu ndi m'mphepete mwa chishango chake. Byrne sakuonetsa kudulako mwachindunji, koma nkhope ya Captain pambuyo pake ikunena zonse. Lamulo la vampaya lamukakamiza kuswa lamulo lake lomwe. Pamenepo m'pamene mitundu iwiri ya nkhaniyi imalumikizana bwino.

Doug Moench ndi Kelley Jones anamanga mabuku atatu pa lamulo lomweli. Mu Red Rain ya 1991 Batman amakokera gulu la Dracula kuphanga lake n'kuphulitsa nyumba ya Wayne pamwamba kuti dzuwa lilowe, koma iye mwini amatsala ali vampaya. Mu Bloodstorm ya 1994 ludzu limamugonjetsa, amayamwa magazi a Joker, ndipo wantchito wake Alfred ndi mkulu wa apolisi Gordon amamukhoma chikhomo mwa pempho lake. Sanamudule mutu. Mu Crimson Mist, Alfred poona kuti mzinda wa Gotham wasokonekera akuzula chikhomocho, ndipo chimene chikudzuka ndi mtembo wowola wamisala. Izi zinatheka chifukwa mabukuwa anali a Elseworlds, kunja kwa nkhani yopitirira ya mwezi ndi mwezi, choncho panalibe wofuna kuti Batman achire pofika kope lotsatira.

Apa tafika pa kuluma, pamene nkhani zambiri zimagwera. Kulumidwa kumaopsa pokhapokha ngati sikubwezeka. Koma ngwazi yokhala ndi buku lake la mwezi uliwonse iyenera kuchira, ndipo owerenga amadziwa. Storm anachira. Sif, mnzake wamkazi wa Thor, amene Dracula anamuluma mu Thor nambala 332 ndi 333 mu 1983, anachira. Wolverine mu 2010 anasanduka chifukwa choti mphamvu yake yodzichiritsa inazimitsidwa mwadala, ndipo itayatsidwanso anachira nthawi yomweyo. Amene amalipira ndi anthu a m'mbali. Rachel van Helsing anasanduka mu X-Men Annual nambala 6 ya 1982 ndipo anapempha Wolverine kuti amukhome chikhomo. Jubilee, mtsikana wa X-Men, anakhala vampaya kuyambira 2010 mpaka 2018, zaka zokwanira kuti owerenga akhulupirire, ndipo nkhani zake za nthawiyo, pamene ankapatsidwa magazi a Wolverine kuti ludzu lichepe, ndi zina mwa zabwino zimene analembedwapo. Jacqueline Falsworth analumidwa ndi bambo ake aang'ono, Baron Blood, anathiridwa magazi a Human Torch woyamba, munthu wopangidwa uja, ndipo kusakanizikako kunamupatsa liwiro, n'kukhala Spitfire. Mukafuna kudziwa ngati nkhani ya mavampaya ili ndi kulemera, werengani anthu amene atsala osinthika kope lomaliza likatha.

Cholakwika china ndi kuchulukitsa. Dracula mmodzi m'chipinda chogona amaopsa. Mavampaya zikwizikwi othamangira gulu la ngwazi la Avengers ndi udzu woti uzimwetedwa, ndipo popeza anafa kale, ngwazi zimaloledwa kuwapha osamva chisoni. Amasanduka ngati maloboti a Ultron, kungoti ali ndi mano. Paul Cornell mu Captain Britain and MI13, nkhani ya Vampire State ya 2009, ndi mmodzi mwa ochepa amene anakwanitsa nkhondo yaikulu osataya malamulo. Dracula ali ndi linga lake kumwezi ndipo akufuna kulanda Britain. Chomutchinga ndi lamulo lakale lija loti salowa asanaitanidwe, limene lakuzidwa kufika pa dziko lonse kudzera m'matsenga oikidwa m'chigaza cha Quincy Harker. Nkhondo yonse ikuzungulira pa chigazacho, ndipo Dracula akugonja chifukwa chonamizidwa.

Marvel inayesaponso kuchotseratu vutoli. Mu Doctor Strange nambala 62 ya Disembala 1983, Roger Stern analemba kuti Strange wawerenga mawu amatsenga otchedwa Montesi Formula, a m'buku la Darkhold, ndipo mavampaya onse padziko asanduka fumbi. Hannibal King yekha anapulumuka pomuthira magazi atsopano, chifukwa anali asanayamwepo munthu wamoyo. Chiletsocho chinagwira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pofika 1992 Blade, King ndi Drake anali ndi buku lawo la Nightstalkers.

Nthawi zina njira yabwino ndi kusawakumanitsa n'komwe. Mu Giant-Size Spider-Man nambala 1 ya 1974, Spider-Man ndi Dracula ali pa sitima imodzi yapamadzi, onse akufuna dokotala mmodzi, wina kuti apeze mankhwala a azakhali ake May, wina kuti amuphe. Amangogundana mapewa, samenyana. Ena amati ndi chinyengo kwa wogula, koma Len Wein anazindikira kuti nthabwala za Spider-Man ndi ulemu wa Dracula sizingakhale pa tsamba limodzi popanda chimodzi kupha chinzake.

Kwa ofuna kuwerenga kapena kugula, pali misampha ingapo. Mwezi wolembedwa pachikuto nthawi imeneyo unkakhala patsogolo ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kope la "Epulo 1972" linali kale m'masitolo miyezi ingapo Epulo asanafike. Dzina la Tomb of Dracula lagwiritsidwa ntchito kangapo, kuphatikizapo magazini yopanda mitundu ya 1979 ndi timabuku tina ta 1991 ndi 2004, choncho onetsetsani chaka musanalipire. Chimodzimodzi Superman nambala 180: ilipo ya 1965 ndi ya 2002, ya Dracula ndi yachiwiriyo. Nambala 10 yoyambirira, chifukwa cha Blade, ndi yodula kwambiri ndipo inasindikizidwanso kangapo, ndiye yang'anani mtengo wa pachikuto, woyambirira ndi masenti 20. Wongofuna kuwerenga apeze mabuku osonkhanitsa a Essential, amene alibe mitundu. Kwa ojambula ambiri kuchotsa mitundu n'kutaya, koma kwa Colan ndi Palmer mithunzi imaoneka bwino koposa. Ndipo ngati mukufuna wa DC wachikale, Andrew Bennett wa I…Vampire, amene J. M. DeMatteis ndi Tom Sutton anamuyambitsa mu House of Mystery nambala 290 ya 1981, musamusokoneze ndi buku la 2011 la dzina lomwelo, limene linamulowetsa pakati pa Batman ndi Justice League Dark.

Yambani pa nambala 12 ya Tomb of Dracula, pitirirani mpaka 70. Kumeneko Dracula, atadutsa pomenyana ndi Doctor Strange ndi Silver Surfer osagonja kotheratu, akubwerera ku linga lake n'kupeza nkhalamba Quincy Harker ikumudikira yokha. Harker akuzula sipoko yasiliva pa gudumu la njinga yake, akumulasa nayo pamtima, ndipo mabomba amene anabisa m'njingamo akuphulika asanamalize kumudula mutu.